Nambala Seveni Inayenda Yosaitanidwa

Ine si munthu wa nkhani za mizimu. Ndakhala mkulu wa mpingo kuno ku Senga, m'dziko la eni lino, zaka zoposa makumi awiri, ndipo ntchito yanga moyo wonse inali ya magetsi. Munthu wa magetsi akamva kuti nyali ikuzima yokha sathamangira kwa sing'anga, amatenga mita n'kuyamba kutsata waya. Ndiye zimene ndikuuzenizi musaziyese nthano. Tinaziona anthu atatu, masanasana. Elifas, amene anali khukhi kwa bwana wanga, anatisiya kale. Koma Aida, mlamu wanga, alipo ku Torwood, ndipo mutu wake ukugwira bwino kuposa wanga. Mukamufunse, ngati angalole kulankhula.

Chinali chaka cha 1979, nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino itafika poipa. Ndinkagwira ntchito pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Kwekwe, nthawi imeneyo tinkati Que Que. Dzina la mgodiwo ndilisiya. Bwana wanga anali injiniya wa magetsi, Bwana Hendry, mzungu wa dazi, wolusa kuntchito, koma akafika kunyumba ankasanduka mwana. Galimoto yake inkagona panja chifukwa galaja yonse inadzaza ndi sitima zazidole. Munali thebulo lozungulira makoma, njanji zopapatiza ngati chala, timasiteshoni, timilatho, ndi phiri la pulasitala. Njanji ina inkakwera pamwamba pa phirilo, ina inkalowa m'mphanga pansi pake. Poyamba ndinkaseka chamumtima. Bambo wa ana atatu kumagwada pansi, n'kumalira ngati sitima! Koma matenda akewo anali opatsirana, chifukwa sipanathe chaka nanenso ndinayamba kugwada.

Kale pa njanji imodzi pankayenda loko imodzi, ndiye kuti mutu wa sitima. Ukaikapo awiri, ukatsegula magetsi onse anyamuka, ukatseka onse aima, ngati ng'ombe za pagoli. Chaka chimenecho bwana anabwera kuchokera ku Joni ndi bokosi latsopano la mabatani a manambala. Mmene analidutsitsira pamalire akudziwa ndi iye. M'loko iliyonse tinaikamo kachipangizo kakang'ono, n'kukapatsa nambala yakeyake. Magetsi ankakhala m'njanji nthawi zonse, koma loko sinkasuntha mpaka utadina nambala yake pabokosipo. Ina ikuthamanga, ina ikukwawa, ina yangoima, zonse pa njanji imodzi. Ukafuna, unkalumikiza maloko awiri kapena atatu, n'kuliuza bokosilo kuti awa akoke ngati mmodzi. Tizipangizo tonse ndinawotcherera ndine, chifukwa zala za bwana zinali zonenepa, sizikanalowa m'menemo.

Masiku amenewo azungu ankaitanidwa kunkhondo, milungu isanu ndi umodzi kutchire, ina isanu ndi umodzi kunyumba. Madamu ndi ana anali atapita kale ku Joni. Bwana akamanyamuka ankandisiyira kiyi wa galaja, kuti Loweruka lililonse masana ndizipukuta njanji ndi sipiriti, ndiziyendetsa maloko kuti mafuta asaume.

Apa ndi pamene ndinachita zanga zopusa. Pansi pa mgodi, loko sitinkaitchula ndi nambala, tinkaitchula ndi dzina la woyendetsa. Munthu ankati ya Sandifolo yafa, ya Yosiya ikubwera. Chizolowezi chimenecho ndinalowa nacho m'galaja. Panali maloko atatu akuda, ofanana, amene ankakoka sitima yaitali ya mabogi a miyala. Ndinawapatsa mayina a ife atatu, ana a mayi mmodzi, amene tinabwera limodzi kuchokera ku Ntcheu. Nambala firii inali Wilfred, ineyo. Nambala faifi inali Manson, wopondana nane. Nambala seveni inali Redson, chitsirizira chathu. Ndikamadina batani ndinkatchula dzina mokweza, monga tinkachitira pansi: Manson, tiye. Redson, tiye.

Koma Redson panthawiyo anali atasowa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Iye ndiye anali woyendetsa loko weniweni pansi pa mgodi. Mu Juni 1977 anakwera basi ya ku Mberengwa, kukaonana ndi mneneri wina chifukwa cha mwana wake amene ankagwa khunyu. Sanabwerere. Ena ankati vakomana, anyamata a m'tchire aja, anamutsitsa m'basi kuti akawasenzere katundu. Ena ankati asilikali anamupeza panjira kefiyu, nthawi yoletsa kuyenda ija, itakwana. Ena ankati anawoloka yekha kupita ku Mozambique, poti anali wamtima wapachala. Aliyense ankanena motsimikiza, koma panalibe amene anaona ndi maso.

Nyumba yake ya ku komboni eni mgodi analanda, poti mwini wake sankaonekanso kuntchito. Aida ndi ana ake awiri tinawatenga kwathu, anthu khumi m'zipinda ziwiri. Manson anali atabwerera kumudzi, ndipo ankalemba makalata m'malo mwa amalume. Makalata onse ankanena chimodzimodzi: munthu sangasowe zaka ziwiri ali moyo, kwirirani thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, mumusudzule mkaziyo akaone zina. Panalinso bambo wina wa ku Torwood, Nikodemo, wofedwa mkazi, munthu wabwino ndithu, amene anatuma mawu kuti Aida akamasulidwa amukwatira ndi ana omwe. Zonse zinkadikira mawu anga, poti ndine wamkulu kuno. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma ine ndinkakana. Ndinkati kukwirira nthochi munthu ali moyo n'kumupha ndi manja ako. Aida sankandikakamiza, koma ndinkamuona mmene ankaondera, ndipo zinkandipweteka.

Loweruka loyamba la Okutobala ndinalumikiza maloko atatu aja monga mwa nthawi zonse, ine patsogolo, Manson pakati, Redson pambuyo. Ndinawaitana onse. Awiri ananyamuka, koma seveni mateyala ake sanazungulire. Anzakewo ankangoikhwekhwereza, ikulira ngati munthu akunola mpeni. Ndinaichotsa, ndinapukuta mateyala, ndinaiika payokha. Nditaiitana inayenda bwinobwino. Ndinaibwezera kwa anzake, inakananso. Ndinayesa kanayi. Payokha inkayenda, pamodzi ndi ife inkakana.

Elifas anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi wa bwana, poti bwana akachoka tiyi ankakhala wake. Anandiseka kuti ngakhale zidole zayamba sitiraka. Kenaka anandifunsa chifukwa chake ndinkangoti Redson, Redson, ngati ndikuitana munthu. Ndinamufotokozera. Ndikanadziwa ndikanangokhala chete, chifukwa Elifas nkhani sankagona nayo. Pofika Lachitatu komboni yonse inali itamva kuti Wilfred amacheza ndi mng'ono wake m'galaja ya mzungu.

Loweruka lotsatira ndinapita nditakonzeka kuti ndipeze vuto. Ndinatsegula seveni, ndinasungunula pamene ndinawotcherera paja, ndinachotsa kachipangizo konse. Mawaya awiri opita ku kamota anatsala akulendewera, osakhudza kanthu. Kachipangizoko ndinakakulunga m'pepala la fodya, n'kukaika m'thumba la malaya kuti ndikakayeze ku wekishopu Lolemba. Mumvetse bwino pamenepa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Loko yotero ndi chitsulo chabe. Magetsi alibe polowera. Ndiponso mateyala a maloko amenewa sazungulira pokhapokha kamota katazungulira, ngakhale uwakankhe ndi chala. Ndinaitseka, n'kuiimika pa kanjanji kapambali, kumapeto kwa thebulo.

Nthawi inali cha m'ma firii koloko. Kunkatentha kwambiri, malata akuthetheka padenga. Panja nyenje zinkalira m'mitengo, ndipo chigayo cha miyala cha ku mgodi chinkagunda monga chinkachitira usana ndi usiku. M'galajamo munkanunkha sipiriti ndi mafuta ofunda.

Ndinamva mawu a Elifas kuseri, kenaka Aida analowa, Elifas akumutsatira ndi kapu yake ya tiyi. Anali asanapondepo kumayadi a azungu, koma tsiku limenelo anabwera yekha, atavala duku la ku tchalitchi. Anayang'ana thebulo lonselo, timilatho, tinyumba, kenaka anayang'ana ine.

"Alamu, mwamuna wanga mwamusandutsa chidole?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinamuuza kuti silinali chipongwe, chinali chizolowezi cha pansi, ndiponso kuti ndikamatchula dzinalo mtima unkakhalako pansi, ngati tikadali atatu. Anangofunsa kuti yake ndi iti. Ndinamulozera ku kanjanji kapambali kuja, n'kumuuza kuti yafa, ndaichotsa mtima, uli m'thumba mwangamu. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati poti wabwera kale, ndimuonetse mmene zimayendera.

Ndinaitana firii ndi faifi. Nthawi ino sindinatchule mayina, ndinangodina. Ananyamuka ndi mabogi onse makumi awiri, anadutsa pasiteshoni, anawoloka mlatho, anayamba kukwera phiri. Ndinali nditaiwala kuchepetsa mabogi. Katundu ameneyo anali wa atatu. Atafika pakati pa chikweza mateyala anayamba kuterereka, sitima inaima, maloko akungolira pamalo amodzi. Elifas anaseka, nati akuluakulu awiri alephera.

Chigayo cha ku mgodi chinasiya kugunda.

Zimenezo zinkachitika, lamba akaduka. Koma nyenje nazonso zinasiya. Zonse, nthawi imodzi. Ndinamva fungo la dothi lonyowa, ngati mvula yoyamba yagwa, pamene kumwamba kunalibe mtambo. Elifas anaika kapu pansi.

Kumapeto kwa thebulo kunamveka kaphokoso. Keche.

Seveni inali itayatsa nyali. Manja anga onse anali pathebulo, kutali ndi bokosi. Aida anaona, Elifas anaona. Inasuntha pang'ono. Inaima. Inasunthanso. Inatuluka pa kanjanji kake, inalowa m'njanji yaikulu, mateyala akuzungulira bwinobwino.

"Mwaidina, achimwene?" Elifas ananong'ona.

"Ayi."

Ndinagwira thumba la malaya. Kachipangizo kanali momwemo.

Sinathamange. Inkayenda mmene Redson ankayendetsera pansi, modekha, ngati munthu wodziwa njira. Inadutsa pasiteshoni. Inawoloka mlatho. Inafika kumbuyo kwa bogi yomaliza, inaigunda pang'onopang'ono, n'kuyamba kukankha. Maloko awiri aja anagwira njanji. Sitima yonse inakwera, bogi ndi bogi, mpaka inapitirira pamwamba pa phiri n'kuyamba kutsetsereka mbali inayo. Seveni sinatsatire. Inaima pamwamba penipeni, kenaka inayamba kubwerera chambuyo.

Aida anali ataima pamene njanji inkagawikana, m'munsi mwa phiri. Loko itafika patsogolo pake, iye anatchula dzina, motsitsa kwambiri, monga mkazi amadzutsira mwamuna kuti asadzutse ana.

"Redson."

Inaima.

Sindikudziwa kuti inaima nthawi yaitali bwanji. Ndinkamva kupuma kwa Elifas. Kanyali kankawala pa nsalu ya Aida. Iye sanaikhudze. Anapinda manja pachifuwa.

Kenaka inanyamuka. Inatenga njanji ya pansi. Inalowa m'mphanga.

Pamenepo nzeru zinandibwerera, ndinazula pulagi pakhoma. Firii ndi faifi anaima pomwepo. Koma m'phirimo mateyala ankamvekabe. Phirilo kutalika kwake linali ngati mkono wanga, kuchokera paphewa mpaka kuzala. Loko inkalowa uku n'kutulukira uko usanamalize kumeza malovu. Koma tinamva ikupita. Ikupitabe. Keche, keche, keche, pa mfundo za njanji. Phokoso likuchepa, ngati sitima yeniyeni ikamalowera kutali, utsi wake osaonekanso. Tinamvetsera mpaka sitinamvenso kanthu.

Nyenje zinayambiranso. Patapita kanthawi chigayo nacho chinayamba.

Ndinatukula chivundikiro cha phiri. Seveni inali mkatimo, pakatikati, nyali itazima. Inali yozizira ngati yatuluka m'madzi, m'galaja yotentha chonchija. Ndinayesa mateyala ndi chala, anali olimba gwa. Ndinaitsegula pamaso pa onse awiri. Mawaya anali akulendewera mmene ndinawasiyira.

Aida sanalire. Anangoti, "Watsanzika." Anakonza duku lake, natuluka.

Elifas anadikira kuti apite kaye. Kenaka anandigwira mkono, nandiuza kuti ndisapupulume. Iye anaona zosiyana. Anati munthu wakufa sakankha mabogi. Anati Redson wabwera kudzatiuza kuti kumene aliko akadali ndi mphamvu, akutithandizabe, ndipo kulowa m'mphanga ndiye kuti wabisala, monga ankabisalira anyamata onse a m'tchire. Anandichenjeza kuti ndikakwirira nthochi, nkhondo ikadzatha ndidzasowa poyang'ana. Sanali kuseka tsiku limenelo, ndipo mawu ake anali ndi nzeru ngati a Aida omwe.

Ndinakhala nazo milungu itatu. Chakudya sichinkalowa. Mkazi wanga Mervis ankati ndikuonda kuposa wofedwa. Ndinapemphera, koma yankho silinabwere, kapena linabwera ine osalimva. Chimene ndinkangoona m'maso ndi chimodzi: inatikweza phiri, koma sinatsike nafe. Ndinkayang'ananso ana a Redson akugona pansi pa thebulo lathu, ndi mayi wawo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, wosakhala mkazi wa munthu, wosakhala wamasiye. Ndinalembera Manson kuti auze amalume kuti ndavomera.

Bwana atabwerako kutchire ndinangomuuza kuti seveni inkavuta. Anaiwotcherera yekha kachipangizo kaja, akutukwana zala zake, ndipo inayenda ndi anzake ngati sipanachitike kanthu. Anati mushi, kutanthauza kuti zili bwino, vuto linali fumbi. Ine kuyambira pamenepo sindinatchulenso dzina la munthu m'galajamo. Chaka chotsatira iye analongedza sitima zake zonse m'mabokosi, napita ku Joni.

Thunthu la nthochi tinalikwirira mu Novembala, kumanda a komboni, titalikulunga m'bulangete la Redson. Anthu anabwera ambiri, anaimba nyimbo zonse za maliro. Elifas sanabwere. Pasanathe miyezi iwiri mfuti zinaleka kulira. Anyamata anayamba kutuluka m'tchire, ndipo mabanja ena amene analira kale maliro anaona ana awo akulowa pakhomo ali moyo. Mayi wina wa pa mzere wa nyumba zathu anakomoka ataona mwana wake amene anamulira zaka zitatu. Loweruka lililonse ndinkapita ku siteshoni ya Que Que ndi kumalo okwerera mabasi, n'kumafunsa amene ankatsika. Vuto linali lakuti kutchire onse ankasintha mayina. Mmodzi anati ankadziwa Mmalawi wina wamtali amene ankakonza malole kumsasa, koma sanadziwe kumene anathera. Redson anali wamtali. Amalawi aatali analiponso ambiri.

Ukwati wa Aida ndi Nikodemo unachitika mu Ogasiti 1980, ku Torwood. Ine ndinaimira kuchimuna kwakale, kumupereka. M'mawa wa tsikulo, akazi akumuveka, anatuma mwana kuti adzandiitane. Anatulutsa onse m'chipindamo. Anali atavala zoyera kale, maluwa ali pabedi. Ndinaganiza kuti akufuna kundithokoza. Koma anandiyang'ana m'maso, chimene mlamu sachita, ndipo ndinaona kuti ali ndi mantha kuposa tsiku la m'galaja lija.

"Alamu, ine ndinanena kuti watsanzika chifukwa ndinali nditatopa. Inu ndinu odziwa zinthu zimenezi. Mukutsimikiza kuti anapita?"

Panja galimoto inali ikuliza kale hutala. Ana ake anali atavala nsapato zatsopano.

Ndinati ee.

Anakhala ndi Nikodemo zaka makumi atatu ndi chimodzi, mwamtendere, anaberekanso ana anayi. Redson sanabwere, ndipo palibe amene anatibweretsera ngakhale lamba wake. Aida sanandifunsenso funso limenelo. Ine ndimadzifunsa ndekha, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinamuuza zoona.